Linga la Miyala pa Phiri

Kodi mudziwa kumene dzina la dziko la Zimbabwe linacokera? Linacokera ku mudzi wakale wa miyala umene uli pafupi ndi tauni ya Masvingo. M'Cishona dzinali litanthauza nyumba za miyala.

Zaka pafupifupi 900 zapitazo, makolo a Ashona anamanga linga pamwamba pa phiri la pamudzipo. Anasanja miyala, uwu pamwamba pa unzake, popanda simenti kapena matope. Koma onani, zipupa zambiri zikali ciimire mpaka lero! Ca m'ma 1450 anthu anasamuka, mudzi unatsala bwinja.

Alendo amakwera phirili ndi miyendo. Pali njira yatsopano yosavuta, koma yokondweretsa ndi yakale ija. Njirayi ndi ya citunda, ndipo ili ndi masitepe a miyala. Mukakwera pang'ono cabe, mumayamba kupuma wefuwefu. Pafupi ndi pamwamba, njira ipita pakati pa matanthwe awiri akuluakulu. Mpata wake ndi waung'ono zedi. Anthu amadutsa mmodzimmodzi, wonenepa acita kupendeka. Nanga adani akanalowa bwanji onse pamodzi? Alonda ocepa cabe akanatha kuwatsekera njira.

Mukafika pamwamba, mumaona cigwa conse. Pansipo pali linga lina lozungulira, lotalika mamita 11.

Pabwinjali anapezapo mbalame zosema pamwala wofewa. Mukaona mbendera ya Zimbabwe, yang'anitsitsani kumanzere. Imodzi mwa mbalamezo ili pomwepo.