Kodi mumadziwa? Asilikali athu adalonderapo njanji ku Mozambique

Nkhondo ya Renamo itadula njanji ya ku Beira, ija yodzera pa Luchenza, komanso ya ku Nacala, tiyi wa ku Thyolo adayamba kuyenda pamalole mpaka ku Durban. Mafuta nawo ankabwera mozungulira, mtengo n'kukwera. Mu Seputembala 1986, Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda adabwera ku Blantyre kudzamupanikiza Kamuzu pa nkhani ya nkhondoyi. Pofika 1987 asilikali athu adali akulondera njanji ya ku Nacala, pomwe a ku Zimbabwe ankateteza paipi ya mafuta yochokera ku Beira. Kuchoka kwawo sikudalire mfuti ayi. Pangano la mtendere la ku Rome, la pa 4 Okutobala 1992, lidati asilikali akunja abwerere kwawo. Adanyamuka mu 1993, a United Nations n'kulowa m'malo mwawo.