MZUKWA WA NSALU YA PABEDI

Usiku wa pa 31 October, ana a ku America amayenda khomo ndi khomo kupempha masiwiti atabvala ngati mizukwa ndi mfiti. Mwambo umenewu, dzina lake Halloween, unafika kumeneko ndi anthu ocokera ku Ireland ndi Scotland m'zaka za m'ma 1800.

Masitolo anayamba kugulitsa zobvalazi zambiri m'ma 1930, koma makolo ena amazipangabe okha. Mzukwa ngwosabvuta: amatenga nsalu yoyera yakale ya pabedi naboolapo mabowo awiri a maso. Komatu mabowowo akacepa, mwana saona galimoto pamseu. Nsalu ikatalikitsa imamkola miyendo, kapena kugwira moto wa kandulo yoyaka m'dzungu losemedwa nkhope limene amaika pakhomo. Amai ocenjera amaidula kuti ilekeze m'maondo.

Galu wa pakhomo nayenso amamubveka, ngakhale mwini wakeyo saoneka wokondwa.