Boma Liyamba Layendera Khomo Lisanapereke Mwana

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kufikira lero ana amasiye ambiri aleredwa ndi amalume, azakhali ndi agogo popanda kalata ya Boma. Koma kutenga mwana mwa lamulo ndi nkhani yina. Bwalo la milandu likalamula, udindo wonse wa makolo omubala ucoka ndi kugwera makolo atsopano, ndipo mwanayo akhala ngati wobadwira m'nyumbamo. Cifukwa cace mlanduwu suweruzidwa mwa cangu.

Lamulo la m'Malawi, limene linatsata lamulo la ku Mangalande la caka ca 1926, liti wopempha mwana akhale wa zaka 25 kapena kuposapo, ndipo apambane mwanayo ndi zaka 21, pokhapokha pali cibale. Mwamuna amene ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi popanda zifukwa zapadera. Bwalo lisankhanso munthu woimirira mwana pa mlanduwo, amene kawirikawiri ndiye mlangizi wa Boma woona za cisamaliro ca anthu.

Nchito ya mlangiziyo ndiyo kufika pakhomo. Aona pogona, madzi, cakudya ndi kutalika kwa sukulu ndi cipatala. Afunsa za malipiro ndi za thanzi la opempha, nafuna kudziwa ngati mwamuna ndi mkazi agwirizanadi, kapena mmodzi angobvomera cifukwa ca manyazi. Amva maganizo a ana a m'nyumbamo. Afufuzanso ngati abale a mwana abvomera mozindikira, osanyengedwa ndi ndalama. Zonsezi azilemba m'lipoti limene woweruza aliwerenga. Pangano la maiko la ku Hague la caka ca 1993 lifunanso lipoti lotere pamene mwana apita ku dziko lina.

Ena adandaula kuti mafunsowa acititsa manyazi. Koma cimene ciyesedwa si cuma. Nyumba ya udzu ya mtendere iposa ya malata ya ndeu. Ndipo olemera sapulumuka pa kuyesedwaku. M'caka ca 2006 woimba wa ku Amereka, Madonna, analoledwa kusunga mwana wa ku Mchinji kwa miyezi 18 yoyesera, ndipo mlangizi wa Boma anapita ku London kukaona khomo lace cilolezo ceni-ceni cisanaturuke m'caka ca 2008. M'mwezi wa April 2009 Bwalo Lalikuru linamkaniza mwana waciwiri cifukwa sanali kukhala m'dziko muno, koma m'mwezi wa June Bwalo la Apilo linambvomera, poika ubwino wa mwana patsogolo.

Nkhaniyi ikhudza inu aphunzitsi ndi anchito a Boma, pakuti ndinu amene mufunsidwa umboni wa khalidwe la anzanu. Mnzanu akakhala woledzera kapena wankhanza kwa ana ace omwe, kumbisira kuoneka ngati cifundo. Koma wolipira cifundo cotere ndiye khanda limene silingathe kudzinenera lokha, ndipo lidzakula m'nyumbamo zaka zonse za ubwana wace. Nenani zimene mwaziona ndi maso, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kwa ofuna mwana titi: musabise kanthu, ndipo musatope ndi kudikira. Kuona maso a nkhono nkudekha.