Wa ku mtunda akafuna kuona pansi pa nyanja

Abale anga a ku Nsaru amakhulupirira kuti mu silinda imene ndimabereka polowa m'nyanja muli okosijeni wa kuchipatala. Mulibe. Muli mpweya womwewu tikupumawu, umene kompresa imausefa ndi kuupanikiza mpaka geji iwerenge 200. Okosijeni amangokhala magawo 21 pa 100 alionse, ndipo wotsalayo pafupifupi yense ndi nayitrojeni. Okosijeni wosasakaniza amasanduka poizoni munthu akatsika kupitirira mamita 6, moti atha kukomoka ali pansi pomwepo. Chida chotchedwa regulator, chimene timaluma kukamwa, chimachepetsa mphamvu ya mpweya wa mu silinda kuti ugwirizane ndi kuya kumene munthu wafika. Anachikonza ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France mu 1943, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni mpaka lero.

Ambiri amayesa ntchito imeneyi ndi ya anthu obadwira m'mbali mwa nyanja. Ine ndimaphunzitsa onse, ndipo nthawi zina wa ku mtunda savuta ngati mwana wa msodzi. Mwana wa ku Chembe anakula akutsika pansi atasunga mpweya m'chifuwa kuti akakole ukonde umene wakodwa pa mwala. Chizolowezi chimenecho ndicho choyamba kuchotsa akabereka silinda. Mnyamata amene anaphunzira kusambira pa Bua kapena pa Namitete akudyetsa ng'ombe alibe zambiri zoti aiwale. Chimene timafuna n'chakuti asambire mamita 200 osapumira, ngakhale pang'onopang'ono, ndi kuyandama mphindi 10 osagwira kanthu.

Tsiku loyamba lotsika ndimatenga botolo la pulasitiki lopanda kanthu, ndilitseke bwino tili m'boti. Pofika mamita 10 limakhala litafinyika, mpweya wa m'kati mwake utachepa ndi theka, chifukwa madzi a mamita 10 amapanikiza mofanana ndi mpweya wonse wa kumwamba kuno. Pansi pomwepo ndimalitsegula, ndilidzaze ndi mpweya wa mu silinda, nditsekenso. Tikamakwera, wophunzira amaliona likufufuma, likuuma gwa, mpaka chitsekero chimayamba kutulutsa thovu. Tikatuluka sindilankhula zambiri. Iye mwini amakhala ataona zimene zingachitikire mapapo ake atakwera atasunga mpweya. Mapapo alibe pothawira ngati chitsekero, amang'ambika, ndipo zimenezi zitha kuchitika ngakhale pa madzi ofika mamita awiri okha. N'chifukwa chake lamulo loyamba ndi kupuma kosalekeza, modekha, osagwira mpweya.

Makutu ndiwo amayamba kudandaula potsika. Umatsina mphuno, uuzire pang'ono, umve kuti "thu" m'khutu, ndipo umachita zimenezi ululu usanayambe. Wa chimfine sitimulola kulowa tsiku limenelo, ngakhale atalipira kale.

Nkhani ya nayitrojeni ndi imene ndikufuna anthu a kwathu aimvetse, chifukwa ikukhudza njira yobwerera kumudzi. Munthu akakhala pansi, nayitrojeni amalowerera m'magazi ndi m'minofu kuposa mmene amachitira pamtunda. Akakwera pang'onopang'ono, mpweyawo umatuluka wokha kudzera m'mapapo. Akakwera mothamanga, zimachitika zija za thobwa logonera m'botolo ukalitsegula mwaphuma. Thovulo likakhala m'mfundo za mafupa limapweteka, likakhala mu msana litha kufa naye ziwalo munthu. Tsono timakwera mosapitirira mamita 18 pa mphindi, ambiri a ife pang'onopang'ono kuposa apo, ndipo pa mamita 5 timaima mphindi zitatu.

Mabuku ophunzitsira analembedwa poganizira nyanja za mchere, ndipo malo alionse okwera kuposa mamita 300 amawatenga ngati ofuna kusamala kwapadera. Nyanja yathu payokha ili pa mamita pafupifupi 470. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, ndipo Dedza ali cha pa 1,600. Wochoka ku Cape Maclear n'kudzera pa Golomoti kukwera phiri lopita ku Dedza amakhala akupitiriza kukwera kumene anakuyamba ali pansi pa madzi, nayitrojeni akadali m'thupi. Wochoka ku Senga Bay kudzera ku Salima amakweranso, ngakhale phiri lake n'locheperapo. Wokwera ndege ku Lumbadzi malamulo ake n'ngodziwika: maola osachepera 12 ngati walowa kamodzi, maola 18 ngati walowa kangapo. Wa minibasi palibe amene amamufunsa pa depoti. Ine ndimawauza ophunzira anga a ku Mpingu ndi ku Namitete kuti tsiku lomaliza kulowa agone kunyanja konko, anyamuke m'mawa. Amadandaula za ndalama ya chipinda, koma ndimaumirirabe.

Maphunziro oyamba a bungwe la PADI, limene linayamba ku America mu 1966, amatenga masiku atatu kapena anayi. Pali kuwerenga ndi mayeso, pali kuyeserera pa madzi osaya, kenako kulowa m'nyanja kanayi. Setifiketi yake imalola munthu kufika mamita 18, ndipo imagwira ntchito dziko lililonse. Mwana wa zaka 10 atha kuyamba, koma malire ake amakhala ocheperapo. Malire a onse olowa mongosangalala ndi mamita 40, pamene nyanjayi kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Sukulu zophunzitsa zimapezeka ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear. Mtengo wake ndi madola a ku America mazana angapo, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene m'boti mumadzaza alendo a kunja pamene Amalawi timanyamula masilinda. Zimandiwawa. Koma khomo lina lilipo: ambiri amene lero akutsogolera alendo pansi anayamba ndi kutsuka zida ndi kudzaza masilinda, akuphunzira pang'onopang'ono. Ndipo ndi galasi la kumaso ndi kapaipi kopumira basi, ukuyandama pamwamba, utha kuona zambiri pa ndalama yochepa.

Musananyamuke, amene ali ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena amene anadwalapo chifuwa chachikulu ayambe waonana ndi dokotala, kaya ku St Gabriel ku Namitete kaya ku Kabudula. Pa fomu ya zaumoyo imene timapereka musamangolemba "ayi" paliponse. Mayi woyembekezera salowa.

Pansi sitilankhulana ndi pakamwa. Chala chachikulu choloza m'mwamba, chimene kumtunda kuno chimatanthauza kuti zili bho, kumeneko chimatanthauza kuti tikwere. Kuti zili bwino umalumikiza chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ndipo palibe amene amalowa yekha.

Nanga munthu amavutikiranji? Pa miyala ya chilumba cha Thumbi, m'kati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984, nsomba za mbuna zimakuzungulira za buluu, za chikasu, za mizeremizere, ndipo mitundu yambiri ya izo sipezeka kwina kulikonse pa dziko. Ukakhala phee, utha kuona yaikazi italavula ana ake kuti adye. Ukangosuntha dzanja, tianato timathamangira m'kamwa mwa mayi, masaya ake n'kufufuma. Chambo chimene mumagula chouma pa msika wa Nambuma chimaleranso ana mwa njira yomweyi. Pa mchenga pali zisa zozungulira zimene nsomba zazimuna zimaumba ndi pakamwa pokopa zazikazi, ndipo pansi pa miyala ikuluikulu kampango amalondera ana ake osafuna kuti uyandikire. Za ng'ona mumafunsa nthawi zonse. Zimakonda m'mabango ndi kumathiriro a mitsinje, ndipo kumeneko sitiphunzitsirako.

Chimene chimagwira anthu ambiri ndi likodzo, makamaka m'madzi osaya a m'mbali mwa midzi ya kummwera kwa nyanja. Mukabwerako, papite miyezi iwiri mukayezetse, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala zathu. Ngati mukusunga ndalama ya fodya kapena ya soya kuti mudzayese, musathamangire kupita mutangogulitsa. Kuyambira May mpaka August mwera umavundula nyanja ndipo madzi amazizira. Dikirani September kapena October, madzi atadekha, mvula isanabweretse matope a m'mitsinje.