Tisanalandire Pikapu Yochokera ku Ulaya, Tiyambe Tafunsa za Mafuta Ake

Maparishi, zipatala ndi sukulu zambiri m'dziko muno zimayendera galimoto zimene abale athu akunja anatithandiza nazo, ndipo kawirikawiri zimakhala mapikapu a dizilo monga Toyota Hilux, Ford Ranger kapena Isuzu D-Max. Ambiri timaganiza kuti Hilux ndi Hilux basi, kaya yagulidwa ku Lilongwe kaya ku Munich. Sizili choncho ayi. Dzina ndi limodzi, koma injini ndi zida za ku ekizozi amazipanga molingana ndi mafuta a dziko limene galimotoyo ikukagulitsidwa. Tsono tikufuna kufotokoza kusiyanaku, potengera malo ngati Chipyela pa chilumba cha Likoma, kumene kulakwitsa posankha galimoto kumadula koposa.

Gwero la nkhaniyi ndi sulufule, yemwe uja timamumva pa nkhani ya Sodomu. Iyeyu amapezeka mwachilengedwe m'mafuta okumbidwa pansi, ndipo kumuchotsamo kumafuna ndalama zambiri. Kuchuluka kwake amakuyeza pa magawo miliyoni imodzi, mwachidule ppm. Dizilo wa 500 ppm ali ndi theka la kilogalamu ya sulufule pa makilogalamu 1,000 aliwonse. Wa 50 ppm ali ndi magalamu 50. Wa 10 ppm magalamu 10 okha. Maiko a European Union akhala akugulitsa wa 10 ppm kuyambira mu 2009, ndipo ku America anatsikira pa 15 ppm mu 2006. Kenya, Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Burundi anafika pa 50 ppm mu 2015. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anatsatira mu 2017, kuchoka pa 500 ppm. Tinapita patsogolo ndithu, komabe malire athu ndi okwera kasanu kuposa a ku Ulaya.

Sulufule akapsa mu injini amasanduka mpweya umene, ukakumana ndi chinyontho, umapanga asidi. Asidiyu amatsikira mu oyilo ndi kudya zitsulo pang'onopang'ono. Injini zakale zinkapirira, malinga mwini wake asintha oyilo pafupipafupi. Koma pikapu yopangidwira Ulaya ili ndi sefa ya mwaye m'paipi ya ekizozi, imene amakaniko amaitchula kuti DPF, ndipo zambiri zatsopano zili ndi thanki yachiwiri ya madzi otchedwa AdBlue otsuka utsi. Sulufule amaphimba zitsulo zamtengo wapatali zimene zimathandiza kuwotcha mwaye, ndipo amawonjezera tinthu totseka sefayo. Pamwamba pa izi, oyilo woyenera galimoto za DPF alibe mphamvu zambiri zolimbana ndi asidi, kotero kuti amatha msanga. Dizilo wathu wa 50 ppm galimoto zambiri zotere zimatha kumupirira, ngakhale zida zake zimakalamba msanga. Wa 500 ppm ndiye angathe kuziwononga m'kanthawi kochepa.

Apa mpamene Chipyela akutiphunzitsa kanthu kena kamene sikalembedwa pa pampu ya mafuta. Sefa ija ikadzaza, galimoto imaitenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 600 kuti mwaye upse. Kuti zimenezi zitheke, injini iyenera kuthamanga mosadukiza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Nanga pa Likoma mungathamange kuti? Chilumba chonse ndi masikweyakilomita 18, ndipo m'litali sichifika makilomita 10. Ulendo wochoka pa doko la Mbamba kukafika pa tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, kapena pa chipatala choyandikana nacho, umatha injini isanatenthe nkomwe. Motero kompyuta ya galimoto imayamba kuwotcha mwaye, dalaivala nkuzimitsa injini ntchitoyo ili pakati, ndipo dizilo wowonjezera amene inathira amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa kamtengo koyezera m'malo motsika, chifukwa chake nchimenechi. Kenaka nyali ya chenjezo imayaka, galimoto nkuyamba kukana kuthamanga. Vuto limeneli limabwera ngakhale mafuta atakhala abwino, sulufule amangolifulumizitsa.

Ndipo mafutawo sangakhale abwino nthawi zonse. Dizilo wa dziko lino amalowera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo bungwe la MERA ndilo limayang'anira malonda ake. Koma kuti afike pa chilumba ayenera kuwoloka nyanja, ndipo wambiri amasungidwa m'migolo ndi m'zigubu. Mgolo wadzimbiri kapena wolowa madzi sudziwa malamulo a boma. Pa nthawi za kusowa kwa mafuta, monga mu 2022 ndi 2024, anthu ankagula kwa mavenda mosafunsa, ndipo dizilo wosakaniza ndi palafini ndi mdani wa majekiseni a injini zamakono, amene amapopera mafuta pa mphamvu yaikulu zedi kudzera m'timabowo tating'ono ngati tsitsi. Palafini sateteza zitsulo kuti zisaperesane. Majekiseni akafa, makina owayeza ali ku mtunda, ndipo zimenezo zikutanthauza kudikira Ilala, kupita ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, odwala ndi ana asukulu akuyembekeza.

Amakaniko ena amalangiza kungochotsa sefayo ndi kusintha kompyuta. Galimoto imayendadi, koma ife sitikuona nzeru pamenepa. Mwaye umene sefa ikanagwira umapita m'mapapo a anthu, ndipo mu 2012 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Kuwononga ndalama pogula chida chodula kenaka nkulipiranso wochichotsa ndi kutaya kawiri.

Nchifukwa chake mabungwe ambiri othandiza anthu amagulabe Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2, imene inayamba kupangidwa mu 1990. Ndi yaulesi pa mtunda ndipo imamwa mafuta, koma makaniko wa spanala wamba amaikonza. Tsono komiti ya parishi kapena ya sukulu ikalandira kalata yolonjeza galimoto, ifunse izi isanasaine: kodi inapangidwira msika uti, kodi ili ndi DPF kapena AdBlue, ndipo buku lake likutchula dizilo wa ppm zingati? Ngati yafika kale, oyilo asinthidwe nthawi yolembedwa m'bukumo isanakwane, mafuta a mumgolo azisiyidwa adikhe ndi kusefedwa asanathiridwe, ndipo mukabweza yemwe ali ndi galimotoyo pa msewu wautali wa ku mtunda, ya pa chilumba ikhale yachikale ija.