Ndalama zikalowa m'makina, kodi zapita basi?

Nyengo ya malonda a fodya ikafika, makhadi a ku banki a anthu a ku Mhuju amatuluka m'zikwama momwe adagona miyezi yambiri. Mabelo akagulidwa ku okushoni ya ku Mzuzu, ndalama sizibwera m'manja, zimagwera mu akaunti. Choncho mlimi wa m'chigwa cha Henga, amene kwawo amagula sopo ndi mchere pa golosale ndi ndalama zogwirika kapena Airtel Money ndi Mpamba, amapezeka ali pa tilu ya sitolo yaikulu mumzinda, kenaka ku hadiweya kukalipira malata ndi simenti. Apereka khadi, adina nambala yachinsinsi, makina atulutsa kapepala. Meseji ya ku banki amadzaiwerenga bwino minibasi itadutsa kale pa Ekwendeni, ndipo mpamene amaona kuti amudula zambiri kuposa zomwe adawerengera.

Akafika kumudzi n'kufotokoza, yankho limakhala lokonzeka kale: "Zikalowa m'makina zapita, mukazifunsa kwa yani?" Onena zimenezi sindiwaseka. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo munthu amene moyo wake wonse wawerenga chenji ndi zala zake ali ndi chifukwa chokayikira ndalama yomwe sakuiona. Koma pa nkhani iyi yokha, khadi limamuteteza kuposa ndalama zapamanja. Mukapereka K20,000 n'kulandira chenji chopelewera, mukangotuluka pakhomo umboni watha. Malipiro a pa khadi amalembedwa katatu: m'makina a sitolo, ku banki imene idapereka makinawo, ndi ku banki yanu, ndipo paliponse pali tsiku, ola, dzina la sitolo ndi kuchuluka kwa ndalama. Palibe kashiya angakane kuti simudafikeko.

Ena amafulumira kunena kuti kwachitika kuba. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chozizira kuposa pamenepo. Kuchokera pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yakhala ikusintha mothamanga, moti mu kompyuta mumakhala mtengo watsopano pomwe pa shelefu pakadali kapepala ka sabata yatha. Mwina botolo limodzi la mafuta lawerengedwa kawiri. M'masitolo ambiri kashiya amalemba yekha ndalamazo pa makina a khadi, ndipo chala chikaterereka, K15,000 imasanduka K150,000. Palinso vuto lija lodziwika bwino: makina akana, kashiya ati, "Pepani adada, netiweki, tiyesenso," muswayipanso, kenaka mameseji abwera awiri. Kulowa m'sitolo mukukuwa kuti akuba kumangoumitsa mitima ya anthu amene mukufuna kuti akuthandizeni.

Ndiye muyambire kuti? Ambiri amathamangira ku banki poganiza kuti poti khadi ndi la banki, mlandu nawonso ndi wa banki. Ayi, yambani ndi sitolo. Banki idangochita zomwe idauzidwa, ndipo siidziwa kuti pa shelefu padalembedwa chiyani. Mukazindikira muli pomwepo, itanitsani manijala. Tsiku lomwelo, asanatseke mabuku, angathe kufafaniza malipirowo pa makina omwewo, inu n'kulipiranso mtengo woyenera. Likadutsa tsikulo, amachita kubweza ndalamazo ku khadi, ndipo apa mpofunika kuleza mtima. Kuyambira 2015 mabanki a m'dziko muno adalumikizana kudzera ku National Switch, n'chifukwa chake lero khadi la banki ina limagwira ntchito pa makina a banki inzake. Ubwino wake tonse tikuudziwa. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama yobwerera iyenera kudutsa m'mabanki awiri, ndipo imatenga masiku ngakhale kuti pochoka idachoka m'kuphethira kwa diso.

Pachifukwa chomwecho, sitolo ikakana kukupatsani ndalama zapamanja sindiye kuti ikukuzembani. Ena amabweza pamanja ngati ndi zochepa, ena malamulo awo amati zomwe zidabwera pa khadi zibwerere pa khadi lomwelo. Chosayenera kulola n'kutuluka ndi lonjezo la pakamwa. Pemphani kapepala kosonyeza kuti abweza, kapena alembe pa lisiti lanu, asayine, adinde.

Mapepala amene mumalandira pa tilu amakhala awiri, ndipo anthu ambiri amataya limodzi kapena onse. Lalitali ndi lisiti la katundu, limene limanena chomwe mwagula ndi mtengo wake. Lalifupi ndi la makina a khadi, limene limanena ndalama zomwe zachoka. Kulakwa kumaonekera mukawayika pamodzi. Mapepala amenewa amafufutika msanga, makamaka akakhala m'thumba la malaya padzuwa, choncho ajambuleni pa foni, ndipo ngati nkhani ndi ya mtengo wa pa shelefu, jambulaninso kapepala ka pa shelefuko asanakachotse. Amene adataya lisiti asataye mtima: meseji ya ku banki kapena sitetimenti ndi poyambira, chifukwa ndi tsiku ndi ola sitolo ingathe kupeza malondawo m'kompyuta yake.

Nanga mawu aja olembedwa pansi pa lisiti kapena pakhoma, akuti katundu akagulidwa sabwezedwa? Anthu amawaopa ngati lamulo la boma, pomwe ndi mawu chabe a mwini sitolo. Ndipotu inu simukubweza katundu. Mukufunsa ndalama zomwe zachoka popanda kulandirapo kanthu. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere, ndipo lamulo latsopano la 2024, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1998, lidalipatsa mphamvu yolamula wamalonda kubweza ndalama komanso kulipira chindapusa. Liliponso bungwe loimira ogula la CAMA, lija timalimva pa wailesi a John Kapito akudandaula za mitengo.

Sitolo ikakanitsitsa, kapena ikati kwawo ndalama zidangofika kamodzi pomwe kwanu zidachoka kawiri, apo tsopano ndi nthawi ya banki. Pitani ku banki yanu, imene idakupatsani khadi, osati imene dzina lake lili pa makina. Amakupatsani fomu yodandaulira, mumaphatikizapo zithunzi za malisiti, ndipo iwo ndiwo amakafunsa anzawowo. Musachoke osalandira nambala ya dandaulo lanu. Pa malipiro amene makina adakana koma ndalama n'kuchoka, nthawi zambiri zimabwerera zokha, komabe muzikayang'ana, osangokhulupirira. Banki nayo ikagona pa nkhani yanu, pamwamba pake pali Reserve Bank of Malawi, imene ili ndi nthambi ku Mzuzu konko.

Apa ndichenjezepo pang'ono. Munthu amene akudikira ndalama ndi wosavuta kumunyenga. Wina akaimba foni n'kumati ndi wa ku banki, mumuuze nambala yachinsinsi kapena manambala a kuseri kwa khadi kuti akubwezereni, dulani foniyo. Kubweza ndalama sikufuna zimenezo.

Komabe okayikira aja sanama pa zonse. Kwa munthu wa ku Mhuju, vuto si makina koma mtunda. Ngati akudulani K3,000 yowonjezera, thiransipoti yobwerera ku Mzuzu idya yoposa pamenepo, osawerengera tsiku lomwe latayika kumunda kapena kuchigafa. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti mphindi ziwiri za pa tilu n'zofunika kuposa mabungwe onse ndatchulawa. Yang'anani ndalama zomwe zalembedwa pa makina musanadine nambala yachinsinsi. Imani pambali, werengani lisiti mzere ndi mzere, ngakhale a kumbuyo kwanu akuyang'aneni. Ife a kumudzi timachita manyazi kufunsa mwana wa pa tilu, kuopa kuoneka osazolowera za m'tauni, koma kufunsa mtengo si mwano.

Mukazindikira mutafika kale kunyumba, imbani foni tsiku lomwelo. Nambala ya sitolo imapezeka pamwamba pa malisiti ambiri, ya banki ili kuseri kwa khadi. Tumizani zithunzi pa WhatsApp, gwirizanani tsiku lomwe mudzafike. Madandaulo a makhadi a Visa ndi Mastercard ali ndi malire a nthawi, kawirikawiri masiku 120, ndipo banki yanu ingathe kufuna kuti mufike msanga kuposa pamenepo. Amene akuti adzafunsa akadzapitanso ndi fodya wa chaka chamawa adzapeza nthawi itatha.