Mwana Akukwawa, Mphaka Akuvutika: Njira Imodzimodzi ya Makatuni a Mlezi

Anzanga, ndani mwa ife sanaonerepo Tom and Jerry? Kaya pa TV ya kwa aneba, kaya pafoni ya achimwene, tonse tinasekapo mphaka uja atapanidwa ndi chitseko. Lero tione mtundu umodzi wa nkhani umene opanga makatuni amaukonda kwambiri: nkhani ya khanda losiyidwa m'manja mwa mlezi. Mukaonera zingapo muzindikira kuti zimayenda ngati minibasi ya ku Bangwe: masiteji ake ndi omwewo tsiku lililonse.

Tiyambe ndi katuni ya Tom and Jerry yotchedwa Tot Watchers, imene William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga ku America m'chaka cha 1958. Mayi akuchoka pakhomo, akusiya mwana ndi mtsikana wotchedwa Jeannie. Mayiwo atangotuluka, Jeannie uyo pafoni, macheza osatha. Mwana akutuluka, akukwawa mpaka kukafika pamalo pamene akumanga nyumba yosanja. Tom ndi Jerry akuiwala udani wawo n'kuyamba kumuthamangira. Pamapeto akubwera naye ali bwinobwino, koma wapolisi akuwagwira iwowo kuti ndi akuba mwana. Galimoto ya polisi isanapite patali, mwana uja watulukanso, akukwawa mumsewu.

Tsopano tiwerenge masiteji.

Siteji yoyamba: kholo lichoka. Popanda zimenezi nkhani palibe. Kholo limasiya malangizo, ndipo ife oonera timadziwiratu kuti malangizowo aphwanyidwa.

Yachiwiri: wopatsidwa ntchito acheukira kwina, ntchito n'kugwera amene sanaipemphe, mphaka kapena galu.

Yachitatu: mwana sadziwa choopsa. Amakwawa pachitsulo chammwamba akumwetulira ngati ali pamkeka. Apa ndiye pagona luso. Ife tikuona phompho, iye sakuliona, ndiye mtima umakhala m'mwamba uku tikuseka.

Yachinayi: malo amakhala odzaza ndi zoopsa. Mu Little Swee'Pea ya 1936, Popeye anatengera khanda kumalo osungira nyama zakutchire, khandalo n'kumalowa kwa njovu ndi ng'ona. Kumayambiriro kwa filimu ya Who Framed Roger Rabbit ya 1988, Baby Herman akukwera m'khitchini kufuna mabisiketi ali pamwamba pa firiji, kalulu Roger akulimbana ndi moto ndi mipeni.

Yachisanu: ululu wonse umagwera wopulumutsa. Mwana satupa ngakhale chala, koma mphaka amaphwanyika n'kudzukanso.

Yomaliza: wosalakwa ndiye alandira chilango. Mu Animaniacs, imene inayamba mu 1993, galu Buttons amavutika tsiku lonse kuteteza kamtsikana kotchedwa Mindy, koma akabwerera kunyumba ndi iyeyo amene amakalipiridwa.

Ena amaitembenuza njirayi. Mu Jack-Jack Attack ya Pixar ya 2005, mlezi Kari sakucheukira kwina, koma khanda lenilenilo ndi limene likuyaka moto ndi kudutsa m'makoma. Zimatiseketsa chifukwa njira yakale ija timaidziwa kale, ndiye tikudabwa kuona itasintha.

Nanga n'chifukwa chiyani amabwereza zomwezomwezo? Choyamba, nkhani yotere sifuna mawu ambiri. Mwana wa ku Machinjiri amene sanayambe n'komwe sukulu amaimva bwinobwino popanda Chingerezi. Chachiwiri, munthu aliyense amachita mantha akaona khanda pafupi ndi ngozi, choncho wolemba savutika kutikopa. Chachitatu, kudziwa njira sikuchepetsa kukoma. Agogo akati "Padangokhala", ife n'kuyankha kuti "Tili tonse", timadziwa kale kuti Kalulu apusitsa nyama yaikulu. Chimene timadikira n'chakuti aipusitsa bwanji ulendo uno. Ndipotu nthano zathu zili nayo nkhani ya mlezi. Ena munamvapo ya Kalulu wolera ana a Mkango, amene ankatha mmodzimmodzi iye n'kumaonetsa mwana yemweyo kangapo kuti chiwerengero chikwane. Kumeneko woopsa ndi mlezi, osati mwana.

A Fomu 3 ndi Fomu 4, apa pali phindu la mayeso. Mafunso amene aphunzitsi a Chichewa amatifunsa pa nkhani za mchezo ndi omwewa: atengambali ndi ndani, nkhani ikuchitikira kuti, vuto lagona pati, zafika pachimake liti, tikuphunzirapo chiyani. Yesani kuyankha mafunsowa pa katuni ya mphindi 7, muona kuti pa buku sizivutanso kwenikweni.

Koma pali bodza limodzi m'makatuniwa limene tisalimeze. Ambiri a ife tikaweruka timakakhala alezi. Mayi ali kumsika ndi geni, bambo ali kuganyu, mwana ali ndi ife. Kwathu kuno kulibe nyumba zosanja zoti khanda likwere, koma kuli mbaula yoyaka pakhonde, poto wa phala lotentha, ndowa yodzaza madzi, parafini wa m'botolo la zakumwa, mankhwala a makoswe kuseri kwa kabati, ngalande zosefukira nthawi ya dzinja ndi njinga zamoto za kabaza zodutsa pafupi ndi khomo. Ndipo kulibe Tom wotithamangira.

Ine zinandionekera chaka chatha. Ndinasiyiridwa mlongo wanga wa miyezi 10, ndinati ndingoyankha uthenga umodzi pafoni. Pocheuka, mwana ali pafupi ndi mbaula, dzanja latsala pang'ono kugwira poto. Ndinamunyamula thupi lonse likunjenjemera. Tsiku limenelo Jeannie ndinali ine, ndipo panalibe choseketsa.

Mwana wa m'katuni amagwa n'kudzuka chifukwa ndi wojambula. Wathuyu akapsa, ulendo ndi wa ku Queens, ndipo chipsera chimakhala moyo wonse. Khanda likhoza kumira ngakhale m'madzi ochepa a m'beseni, mwakachetechete, osalira n'komwe. Choncho mbaula ikhale kumene mwana sangafike, ndowa ivundikiridwe, mankhwala akwezedwe pamwamba, foni idikire. Ngozi ya moto ikachitika, thirani madzi ozizira aukhondo pamalo opsawo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano kapena dzira, kenaka thamangirani kuchipatala. Mukafuna kupita kokatunga madzi, m'berekeni mwanayo kapena m'siyeni ndi munthu wamkulu, osati ndi mwana mnzake. Paja akuluakulu amati tsoka silinunkha.

Makatuni tizionera ndithu, tiziseka, tiziwerenga masiteji aja mmodzimmodzi. Koma mayi akanena kuti "Undionere mwanayu", foni ilowe m'thumba mpaka abwere.